Msuku wa m'Chitini

Kwathu kuno msuku sabzala. Munthu amabzala mango, mapichesi, mapeyala, ngakhale bulugamu amene amamwa madzi onse a kudimba, koma msuku umamera wokha kuthengo. Anthu akakuona ukukumbira msuku dzenje amayamba kukuyang'ana kawiri. Amayi anga anakhala zaka zambiri akubzala msuku. Chaka chilichonse unkafa, ndipo mvula ikabwera ankabzalanso.

Chifukwa chake ndichinene pompano, poti ine ndinachimva mochedwa kwambiri. Nkhondo isanatithamangitsire ku Malawi, ine ndikadali wamng'ono, amayi anabereka mwana wamkazi. Anayamwa ndithu, koma anamwalira mchombo usanagwe. Mwana wotere kwathu amamutcha mtayo. Sapita kumanda kwa akuluakulu, samukhomera bokosi, samupatsa dzina. Amakamuika ndi amayi achikulire okhaokha, m'kadzenje kosazama, pamalo pobisika, ndipo mwamuna sayandikirako, safunsa n'komwe. Mlongo wangayo anamuika patsinde pa msuku wina, m'nkhalango imene inali kuseri kwa mudzi wathu, kufupi ndi Fonte Boa. Amayi atachira, mmodzi mwa amene anakaika anawatenga ngati akupita kunkhuni, nawalozera mtengowo ndi mlomo.

Kenako tinathawa. Abambo anafera komweko ku Malawi, kutsidya kwa malire, ndipo manda awo ali ndi mtanda wachitsulo, aliyense akhoza kukulozera. Ife titabwerako tinapeza nyumba zagwa, minda yasanduka thengo, koma nkhalango ija ili chilili, mwinanso yakula kuposa kale. Amayi achikulire amene anaika mwana uja, ena anafera ku Malawi, ena anamwalira titangofika. Pomalizira anatsala amayi okha odziwa mtengowo.

Nkhalango imeneyo ndimaikumbukira ndi mapazi. Masamba a msuku ndi aakulu, okhuthala, ndipo akauma amaphokosera kwambiri moti munthu sungamuzembere mnzako. Ukawapalasa, pansi pake pankakhala dothi lofewa, lakuda pamwamba, lozizira ngakhale dzuwa litawomba. Nyongolotsi zinkakhalamo, tizilombo tina topanda mayina tinkathawa kuwala, ndipo masamba owola ankamatana ndi timaulusi toyera. Mvula ikangokhazikika pankatuluka bowa, manyame ofiira ndi ndelema woyera. Amayi ankapitako okha, n'kukhalitsa, n'kubwera ndi bowa wosadzaza ngakhale mbale. Ine ndinkawaseka kuti akukalamba, ana a eni akuwatolera m'maso. Iwo ankangoti dzuwa linali lambiri, anakhala pamthunzi.

Ndiye panabwera njala ya njerwa. Aliyense wobwerera kuchokera ku Malawi ankafuna nyumba yowotcha, ndipo uvuni umadya mitengo osati masewera. Pambuyo pa njerwa panabwera fodya, pambuyo pa fodya makala, ndipo pomaliza mbatatesi, imene ogula ankaidikirira ku Domwe ndi magalimoto. Tonse tinadulako, palibe wa manja oyera pankhani imeneyi. Mbali ya nkhalango imene inali ndi msuku uja inagwera amalume anga, mlongo wawo wa amayi, munthu wabwino, wokonda kuseka, amene sankadziwa kanthu chifukwa anali mwamuna.

Tsiku lodula, amalume anaitana anthu kudzawathandiza, ndipo anapempha amayi kuti afulule thobwa. Amayi anafulula. Anasenza okha ndowa mpaka kumeneko, naitula, nakhala pansi kumagawira anthu a nkhwangwa. Msuku uja unagwa iwo ali ndi chikho m'manja. Mpaka lero ndikaganiza zimenezi mtima umandiwira. Mawu awiri okha akanakwana, amalume akanausiya mtengowo, ndikudziwa. Koma mkazi sauza mlongo wake za mtayo, anawaphunzitsa choncho, ndipo iwo anasunga mwambo. Mwambo umenewo ine ndimadana nawo, ndipo sindibisa.

Patapita nthawi, chitsa chitawotchedwa ndipo mizere italimidwa, amayi anapita kwa amalume kukapempha kamalo kochepa pafupi ndi chulu china m'mundamo, kuti abzalepo mtengo.

"Mtengo wanji, achemwali?" anafunsa amalume.

"Msuku."

Amalume anaseka mpaka kutsokomola. "Msuku amabzala ndi Mulungu. Koma bzalani, malo ndi anu. Ukabereka mundiitane ndidzadye, ngati mano adzakhale alipo."

Kuyambira pamenepo nyengo ya masuku inasanduka ntchito. Amayi ankagula masuku kumsika, poti a kwathu anali atatha, n'kusankha okhwima bwino, kuyamwa, n'kufesa nthanga m'zitini kuseri kwa nyumba. Dothi ankatapa m'khola la ng'ombe, lakuda bii, lonona, lomwe chimanga chimakula mpaka kupitirira denga. Nthanga zinkamera ndithu. Kamtengo kankatulutsa masamba angapo, n'kuima pomwepo ngati mwana wokana kukula. Amayi ankakanyamula okha kupita nako kumunda kuja, ndipo pofika nthawi yokolola kanali katachita chikasu, n'kuuma. Chaka china anaonjezera ndowe. Chaka china anathira adubu, feteleza uja wa chimanga, pang'ono, amene anamana mzere wawo womwe. Chaka china anabwera ndi madzi odalitsa kuchokera kutchalitchi. Zonsezi msuku sunasamale.

Ine nthawi imeneyo ndinali nditakwatira, ndikulima ndi kugulitsa mbatatesi, ndipo nkhani ya msukuyi ndinkaiona ngati matenda a ukalamba. Komabe tsiku lina, ndikuchokera kutali kokagula mbewu, ndinaona timisuku tating'ono tikumera m'mbali mwa njira, pansi pa mitengo ikuluikulu. Ndinakumba tingapo ndi dothi lake, ndikutikulunga m'thumba, kuti ndikawasangalatse. Amayi anasangalaladi. Koma atamasula thumba anakwinya nkhope. Dothi lake linali lamchenga, lotuwa, ndipo mizu inali itakutidwa ndi zoyera zija.

"Chuku ichi," anatero. "Mitengo yako ikudwala. Ndiponso dothi lotani limeneli, losauka chonchi?"

Anakutumula dothi lonse, natsuka mizu m'beseni mosamala, umodziumodzi, mpaka inayera. Kenako anabzala m'dothi la m'khola. Ine ndinaimirira pomwepo ndikuvomereza, poti nanenso ndinkadziwa kuti chuku ndi chuku. Timitengo timeneto sitinafike n'komwe kumunda, tinafera m'zitini.

Pamenepo m'pamene ndinapsa mtima. Ndinawapeza masana akusenda nyemba pakhonde, ndipo ndinawauza kuti zakwana, anthu akutiseka, ngati akufuna masuku ndiwagulira dengu lathunthu chaka chilichonse mpaka atope nawo. Amayi sanatukule mutu. Anapitiriza kusenda, ndipo anandiuza za mwana uja ndi mawu a tsiku ndi tsiku, ngati akundiuza kuti mchere watha.

"Ali padzuwa," anatero pomaliza. "Anthu akumupondaponda ndi makasu. Ndinamusiya pamthunzi, ndikufuna ndimusiyenso pamthunzi. Mtengo wina ayi, ndikufuna womwewo."

Ndinakhala pansi. Ndinali bambo wa ana, ndevu zili mbuu, ndipo tsiku limenelo m'pamene ndinadziwa kuti ndinali ndi mlongo. Ndinawafunsa kuti malo ake enieni ndi pati, koma anandiyang'ana ngati ndatukwana. Anati zimene anandiuzazo n'zambiri kale kwa munthu wamwamuna, malowo ndi awo.

Kufupi ndi misyoni kuli malo ofeserako mitengo, amene timawatcha viveiru, ndipo kunali mayi wina tekiniku wa zaulimi amene ankayang'anira. Ndinapitako panjinga m'nyengo yozizira, ndikuyembekezera kusekedwa. Ndinamuuza za msuku wokha, za mwana sindinanene. Mayiyo sanaseke. Anandifunsa dothi limene tinkagwiritsa ntchito, ndipo nditamuuza monyadira kuti la m'khola, anapukusa mutu.

"Senyoro, msuku sudya wokha," anatero. "Mizu yake ndi yaifupi, yonenepa, siitha kufunafuna chakudya. M'dothi la m'nkhalango muli bowa amene amakhala ngati ulusi woyera. Ulusiwo umavala nsonga za mizu, n'kumayenda kutali m'timipata momwe muzu sungalowe, kukatenga madzi ndi chakudya cha m'nthaka, n'kubwera nazo kumtengo. Mtengo nawo umaupatsa zotsekemera zimene masamba amapanga padzuwa. Amadyetsana. Manyame ndi ndelema amene mumatola aja ndi zipatso chabe za ulusi umenewu."

Ndinamufunsa chifukwa chake msuku ukukana pamalo pamene unalipo kale. Anati mitengo ikadulidwa ulusi umafa ndi njala, ndipo ukatsalako pang'ono, khasu la chaka ndi chaka, moto, ndi mankhwala amene timapopera mbatatesi zimaumaliza. Anati ndowe zambiri ndi adubu siziuthandiza, chifukwa muzu ukazingidwa ndi zonona, ubale uja sugwira. M'pamene ndinazindikira kuti bowa wa manyame anasowa kwathu chaka chomwe misuku inatha, ndipo ife tinkangoti mvula yasintha.

"Mukatape dothi pansi pa msuku waukulu wamoyo," anatero. "Lapamwamba, ndi masamba ake owola, lisaume. Mufese mmenemo. Musalikometse ndi china chilichonse."

Pobwerera ndinkapalasa njinga pang'onopang'ono, ndikuganiza za beseni lija. Ndinatsimikiza kuti ndiwauza zonse kupatula zimenezo. Koma amayi sanali munthu wopusa. Nditangotchula ulusi woyera, anasiya kupeta.

"Ndiye zija ndinatsuka zija?"

"Sitinkadziwa, amayi."

"Ndinatsuka ndi manja angawa," anatero, akuyang'ana zikhatho zawo. "Ndimati ndikuuchitira zabwino."

Sanadye masana amenewo. Ine ndinamva chisoni chimene sindinamvepo ngakhale pa maliro a abambo, chifukwa pa maliro a abambo panalibe amene analakwitsa chifukwa cha chikondi.

Tsopano vuto linali dothi. Misuku ikuluikulu yamoyo, kwathu kuno, inatsala malo amodzi okha, kumanda. Kumeneko nkhwangwa siilowa, ndiye mitengo ili ngati kale, masuku amagwa n'kuwolera pansi popanda wotola. Kuchokera pakhomo pathu umaona nsonga zake. Ndinawauza amayi kuti ndipita ndi kathumba, ndikatape pang'ono m'mphepete, osati pamtumbira.

"Ukatape dothi kumanda," anabwereza amayi pang'onopang'ono. "Kenako ubwere nalo pakhomo panga. Kenako ine, nkhalamba yamasiye, ndilinyamule ndikalikwirire m'munda wa mlongo wanga. Iwe, mutu wako ukuyenda bwino?"

"Ndani ationa?"

"Mudzi uno uli ndi maso kumsana. Mwana wa munthu akangodwala malungo, adzati ndani? Ndipo ngakhale asaone, dothi la akuluakulu silipita kwa khanda. Usandiyambitse."

Ndinakalipa. Ndinati iwo amapita ku misa Lamulungu lililonse koma akuopa mchenga. Ndinati ulusi wa bowa sudziwa kuti awa ndi manda. Anandisiya ndilankhule mpaka malovu atauma, kenako anandifunsa ngati ndamaliza, nanditumiza kukamangirira mbuzi. Pansi pa mtima ndinkadziwa kuti akunena zoona. Ndinaonapo nkhalamba ikusalidwa pa nkhani yochepa kuposa imeneyi.

Choncho ndinadikira nyengo ya masuku, ndipo ndinabwereka motorizada, njinga yamoto ya mnzanga, kupita kukafuna nkhalango. Pamalo pamene ndinakumba timisuku tija ndinapeza mizere ya nyemba. Ndinapitirira Lifidzi, ndikufunsa. Masiku ano njira yosavuta yopezera nkhalango ndi kutsatira anthu a makala, kuona kumene njinga zawo zikuchokera. Ndinawatsatira mpaka paphiri lina lamiyala, lokwera kwambiri moti khasu linali lisanafikeko. Misuku inalipo. Nditapalasa masamba, fungo lija linandimenya m'mphuno, ndipo ndinangokhala pansi kaye. Ndinatapa dothi m'thumba lonyowa, ndi masamba ake, ndi ulusi wake, ndi nyongolotsi zimene zinalowamo zokha, ndipo ndinatola masuku akupsa pansi pa mtengo womwewo.

Tinafesa m'zitini zakale za penti. Ntchito yanga yaikulu chaka chimenecho inali kulondera zitinizo, osati kuopa mbuzi, koma kuopa amayi. Dzanja lawo linkawayabwa. Ankayang'ana dothi lotuwalo n'kumati mwina kandowe pang'ono chabe, ka m'manja. Ine ndinkati akangoyerekeza ndikawasumira kwa ansembe. Ankaseka, n'kunditcha mwana wopanda ulemu, n'kuthira madzi okha. Timitengo tina tinafa, koma mtengo umodzi unapitirira pamene anzake onse ankaimira. Unatulutsa masamba atsopano, obiriwira kwambiri, okhuthala ngati a kuthengo, ndipo tsinde linayamba kulimba.

Ine ndinkafuna tikaubzale mvula yomweyo isanathe. Amayi anakana. Anati atopa kunyamula mitengo kupita nayo kukafera kwa mwana wawo. Uwu uyambe wadutsa chilimwe chonse m'chitini, ukapirira ndiye udzapite mvula yotsatira. Chaka chimenecho sanapondeko n'komwe kumunda kuja, anati adzapitako ali ndi chonyamula.

M'chaka chomwecho maso awo anayamba kutha. Poyamba inali singano. Kenako anayamba kugunda ndowa imene ili pambali pawo, kenako kupereka moni kwa anthu atamva mawu kaye. Sanadandaule, ankati ndi utsi wa kukhitchini. Nditawatengera ku ospitali ku Ulongwe, anatiuza kuti si ng'ala yoti n'kuchotsa, matenda ake ndi a mkati, ndipo zimene zatha kale sizibwerera. Anatipatsa mankhwala odonthezera. Pofika miyezi yotentha amayi ankangosiyanitsa usana ndi mdima. Msuku wawo ankauona ndi zala. M'mawa uliwonse ankafufuza khoma mpaka pachitini, n'kusisita masamba, n'kupisa chala m'dothi kuti amve ngati muli chinyezi.

Amalume anamwalira m'nyengo yomweyo, mano ali nawo ndithu. Munda uja unatsala m'manja mwa mwana wawo wamwamuna, msuweni wanga, munthu wakhama amene anali atangogula ng'ombe ziwiri ndi pulawo. Ndinamva kuti wagumula chulu chilichonse m'mundamo n'kumwaza dothi lake pamene panali mchenga. Sindinadabwe. Aliyense amadziwa kuti dothi limene chiswe chakweza kuchokera pansi limaberekesa mbewu, ndipo adubu wakwera mtengo. Ndinamuyamikira ndithu kuti waganiza bwino. Kwa amayi sindinanene, chifukwa sindinaone kuti ndi nkhani.

Msuku unadutsa chilimwe. Mvula itagwa yokwanira, m'mawa wina amayi anadzuka, anasamba, navala nsalu yawo ya kutchalitchi. Anandiitana.

"Lero tikupita," anatero. "Maso ndilibe, ndiye ukhala maso anga. Mwamuna kapena ayi, Mulungu andikhululukire."

Ndinanyamula chitini dzanja limodzi, khasu paphewa, iwo atandigwira pachigongono. Tinayenda pang'onopang'ono, poti njira inali yoterera. M'njira anali ndi nkhani zambiri, ankaseka, ankandifunsa ngati mtengo sukugwedezeka kwambiri. Ndinali ndisanawaone okondwa choncho kwa zaka. Titafika m'mphepete mwa munda, anaima, nandifinya mkono.

"Tsopano tamvera. Upite pachulu chachikulu chija, chili ndi kamtengo kaminga pamwamba. Uime kumbali kotulukira dzuwa, uyang'ane phiri pamene pali mpata ngati dzino lachoka. Uyende molunjika mpatawo pang'ono chabe, upeza pamene dothi latsika ngati mbale. Ndi pomwepo."

Ndinayang'ana. Munda unali see kuchokera kunjira mpaka kudambo, mizere yowongoka, ina yobzalidwa kale, ina ikulimidwa. Kumapeto kwake msuweni wanga ankayendetsa ng'ombe, ndipo amayi angapo aganyu ankabzala mbatatesi pambuyo pake. Phiri linalipo, mpata wake unalipo, koma mpata wa phiri umaoneka paliponse pamene waima. Chulu panalibe, ngakhale chizindikiro choti chinalipo.

"Wachiona?" anafunsa amayi. "Bwanji wangoti zii?"

Ndinawauza. Sindinapeze njira yokometsera. Anati palibe kanthu, ndiwalowetse m'munda, mapazi awo akudziwa. Ndinawalowetsa. Tinadutsa mizere, iwo akupunthwa, akundiuza kuti kumanja, kenako kumanzere, kenako tibwerere. Anavula nsapato. Pamalo pena anagwada, nayamba kufukula ndi manja. Pamwamba dothi linali lofewa chifukwa cha pulawo, koma pansi pang'ono linali louma gwa, lofiira, lomatana. Munalibe nyongolotsi, munalibe muzu wakale, munalibe kanthu koyenda. Anatapa pang'ono, nanunkhiza.

"Si pano," anatero.

Tinasuntha. Anagwadanso, nafukula, nanunkhiza. Si pano. Tinasunthanso. Nsalu ya kutchalitchi inadzaza matope, chala chimodzi chinayamba kutuluka magazi. Ine ndinkadziwa kuti dothi la munda wonsewo ndi limodzi tsopano, pulawo yalisakaniza, palibe pamene pangawauze kanthu. Koma ndinkawadzutsa ndi kuwagwaditsa kulikonse kumene anena, chifukwa sindikanatha kukhala woyamba kunena kuti tisiye.

Pomaliza anakhala pansi pakati pa mizere, miyendo atatambasula. Anati ndiwapatse chitini. Anachiika pamiyendo, nasisita masamba, kenako anawerama n'kununkhiza dothi la mmenemo. Anakhala choncho nthawi yaitali.

"Fungo lake linali ili," anatero. "Tsiku limene anandilozera, pansi pankanunkhira chonchi."

Ndiye anayamba kulira. Sikunali kusisima kwa munthu wobisa. Analira maliro enieni, mokweza, mawu akukwera ndi kutsika, ngati uthenga wangofika kumene. Mayi wa mtayo amauzidwa kuti ameze misozi, akalira mokweza sadzaberekanso, ndipo amayi anali atameza kuyambira nkhondo isanatithamangitse. Ine sindinawatonthoze. Ndinakhala pambali pawo m'matopemo, misozi nanenso ikutsika.

Amayi aganyu aja anasiya kubzala. Msuweni wanga anaimitsa ng'ombe, nabwera akupukuta manja pa buluku. Ine ndi iyeyo timanyozana nthawi zonse monga achitira asuweni, ndipo ndinaona kuti anali atakonza kale chonena za ine ndi chitini changa, koma atayandikira anachimeza.

"Kwagwanji, asuweni?" anandifunsa chapansipansi. "Wamwalira ndani?"

"Mlongo wanga," ndinatero.

Anandiyang'ana osamvetsa, poti ankadziwa kuti ndinabadwa ndekha. Ndinamufotokozera mwachidule, pamaso pa amayi aganyuwo, za mwana, za msuku umene bambo ake anadula osadziwa, za chulu. Amayi achikulire awiri mwa aganyuwo anamva msanga, anabwera n'kukhala pansi pafupi ndi amayi. Msuweni wanga anavula chipewa. Anayang'ana munda wake uku ndi uku, ndipo ndinaona kuti nayenso akuyesa kukumbukira pamene chulu cha kamtengo kaminga chinali. Anagumula zambiri chaka chimenecho, ndipo kwa iye zonse zinali zofanana. Analoza cha pakati, kenako anatsitsa dzanja, nati mwina kunali kumunsi.

Anadzagwada patsogolo pa amayi. "Azakhali, sindimadziwa. Bzalani paliponse pamene mukufuna. Ndisiya malo aakulu, ng'ombe sizidzapondapo."

Amayi anapukuta nkhope ndi nsonga ya nsalu. Anati mthunzi wa paliponse alibe nawo ntchito. Mtengo ukakhala apa, mwana ali apo padzuwa, ndiye kuti anamiza ndani?

"Ndiye mundiuze pamene ali, azakhali, kuti tisamalimepo."

Amayi anatukula dzanja ngati akufuna kuloza. Linakhala m'mwamba kanthawi, kenako analibweza pachitini.

"Sindikudziwa, mwanangu," anatero. "Limani, mvula ingakupitirireni."

Ndinawadzutsa, ndikuwavalika nsapato. Ndinafuna kutenga chitini koma anakana, anachikumbatira pachifuwa ndi dzanja limodzi, linalo n'kundigwira ine. Tinatuluka m'mundamo pang'onopang'ono, khasu langa lisanakumbe paliponse. Tisanafike panjira ndinamva kumbuyo msuweni wanga akuitana ng'ombe zake motsitsa mawu, ndipo pulawo inayambanso kuyenda.